Pasipoti ya agogo ndi mpando wa pabenchi: ulendo wa anyamata a mpira a ku America opita ku Ulaya

Christian Pulisic ndi Weston McKennie anabadwa chaka chimodzi, 1998, mongosiyana milungu itatu: McKennie pa 28 Ogasiti, Pulisic pa 18 Sepitembala. Onse awiri ankadziwika kale kwa aphunzitsi a matimu a achisodzera a dziko la America ndevu zisanamere, ndipo onse awiri anakathera ku Germany, wina ku Borussia Dortmund, wina ku Schalke, makalabu oyandikana amene samwerana madzi. Koma Pulisic anayamba kusewerera achisodzera a Dortmund kumayambiriro kwa 2015 ali ndi zaka 16, pomwe McKennie anadikira mpaka Ogasiti 2016, atakwanitsa zaka 18. Pamene McKennie ankasaina ku Schalke, n'kuti mnzakeyo atasewera kale mu Bundesliga, ligi yaikulu ya ku Germany, atamwetsa kale zigoli, komanso atavala kale yunifolomu ya timu yaikulu ya dziko lake.

Chinawasiyanitsa ndi gogo. Agogo aamuna a Pulisic, a Mate, anabadwira pa kachilumba ka Olib ku Croatia asanasamukire ku America, ndipo kudzera mwa iwo mdzukulu anapeza pasipoti ya Croatia. Dzikolo linali litangolowa kumene mu European Union mu Julayi 2013. Likanachedwa kulowa ndi zaka zitatu zokha, pasipotiyo sikanamuthandiza kanthu. McKennie ndiye amene ankaidziwa bwino Germany: bambo ake anali msilikali, banja linakhalako kufupi ndi Kaiserslautern iye ali mwana, ndipo mpira anauphunzirira komweko pa kakalabu ka m'mudzi wa Otterbach. Koma pepala analibe.

Kuti timvetse nkhani zonsezi, tiyambe ndi lamulo limodzi la bungwe la FIFA, limene anthu a mpira amangolitchula kuti Article 19. Limati wosewera asasamuke kuchoka m'dziko lina kukasewera m'dziko lina asanakwanitse zaka 18. Linakhazikitsidwa mu 2001, ndipo chifukwa chake n'chomveka: maajenti ankatenga ana, makamaka ochokera ku Africa ndi ku South America, n'kuwalonjeza zakumwamba, kenako n'kuwataya m'misewu ya mizinda ya ku Ulaya akalephera mayeso a kalabu. Lamuloli limagwira mwana aliyense, kaya ndi wa ku Texas kaya wa ku Ndirande. Lili ndi mipata yochepa. Mwana akhoza kusamuka ngati makolo ake asamuka pa zifukwa zosakhudza mpira, kapena ngati amakhala mtunda wosapitirira makilomita 50 kuchokera pamalire ndipo kalabuyo ili tsidya linalo mtunda ngati womwewo. Mpata waukulu ndi wa mayiko a European Union ndi anzawo ochepa a m'chigawocho, kumene mnyamata wa zaka 16 amaloledwa kusamuka. Mwana wa ku America amene ali ndi pasipoti ya limodzi la mayiko amenewa amalowera pakhomo limeneli.

Ndi chifukwa chake ajenti akaona mnyamata waluso wa zaka 14 ku New Jersey kapena ku California, limodzi mwa mafunso oyamba kwa makolo limakhala lakuti agogo anachokera kuti. Gio Reyna anachoka ku New York City FC kupita ku Dortmund mu 2019 ali ndi zaka 16 chifukwa cha pasipoti ya Portugal imene anaipeza kudzera mwa agogo ake aakazi. Josh Sargent wa ku Missouri analibe mwayi wotero: anagwirizana ndi Werder Bremen mu 2017, koma kontirakiti anasaina mu Febuluwale 2018, atakwanitsa zaka 18. Joe Scally anagulitsidwa ku Borussia Mönchengladbach mu 2019, n'kudikira chaka chathunthu ku New York kufikira tsiku lake lobadwa la pa 31 Disembala 2020.

Amene anayesa kulambalala lamuloli anaona zakuda. Banja la Ben Lederman linasamuka ku California kupita ku Barcelona mwana wawo ali ndi zaka 11 kuti akalowe sukulu ya mpira ya La Masia. Mu 2014 FIFA inalanga Barcelona chifukwa cholemba ana akunja mophwanya malamulo, ndipo Lederman anali mmodzi mwa ana amene analetsedwa kusewera. Anabwerera ku America, anapeza pasipoti ya Poland, n'kubwereranso ku Spain, koma nthawi yofunika inali itatayika. Mpira wake anakaupezera ku Poland, kumene anatenga ligi ndi Raków Częstochowa mu 2023.

Mwina mukufunsa kuti zaka ziwiri zokha n'chiyani pa moyo wa wosewera. Pulisic mwini wake analembapo, America italephera kupita ku World Cup ya 2018, kuti zaka za pakati pa 16 ndi 18 ndi zimene zinamuumba, ndipo anadandaula kuti anzake opanda pasipoti yachiwiri amamanidwa mwayi umenewo. Ine ndikugwirizana naye. Pa msinkhu umenewu mnyamata wa ku Dortmund amachita masewero olimbitsa thupi tsiku ndi tsiku ndi anzake amene akulimbirana naye malo, ndipo akaoneka bwino amaitanidwa kukayeserera ndi akuluakulu. Mnzake wa ku America, kwa zaka zambiri, ankakhala katswiri wa timu ya m'dera lake, wopanda womuopseza, akudikira kupita ku yunivesite.

Mpira wa ku yunivesite ndiwo unali msewu waukulu wa osewera a ku America. Timu imene inabwerera ku World Cup mu 1990, patatha zaka 40, inali yodzaza ndi anyamata ochokera m'makoleji. Vuto lake n'lakuti nyengo ya mpira wa m'makoleji imayamba kumapeto kwa Ogasiti n'kutha mu Disembala. Masewero amapanikizana m'miyezi itatu kapena inayi, kenako miyezi yotsalayo malamulo amachepetsa nthawi imene mphunzitsi angakhale ndi osewera ake. Munthu amatuluka ali ndi digiri, chinthu chamtengo wapatali chimene sindingachinyoze, koma amayamba mpira wolipidwa ali ndi zaka 22, msinkhu umene anzake a ku Ulaya ndi ku Brazil amakhala atasewera kale nyengo zinayi kapena zisanu.

Palinso nkhani ya ndalama, imene kwa ine ndiyo bala lenileni la mpira wa ku America. M'mayiko ambiri mpira ndi masewero a ana a anthu osauka. Ku America, kuti mwana asewere m'kalabu yabwino ya achisodzera, makolo amalipira madola masauzande angapo pachaka, osawerengera mafuta a galimoto ndi malo ogona popita kumipikisano ya kutali. Clint Dempsey anakulira ku Nacogdoches, tauni yaing'ono ya ku Texas, m'banja losowa, ndipo makolo ake ankayendetsa galimoto maola atatu kupita ku Dallas ndi atatu kubwerera kuti iye akachite masewero olimbitsa thupi. Dempsey anafika pomwetsa zigoli 57 m'timu ya dziko, mofanana ndi Landon Donovan. Ana angati a luso ngati lake amene makolo awo analibe galimoto? Ana a anthu ochokera ku Mexico, El Salvador, Honduras, Haiti kapena Ghana amasewera m'mabwalo a m'mapaki Loweruka ndi Lamlungu, ndipo ambiri a iwo palibe wofufuza osewera amene amawaona.

Zinthu zinayamba kusintha mu 2007 pamene bungwe la U.S. Soccer linakhazikitsa ligi ya masukulu a mpira yotchedwa Development Academy. Chaka chotsatira MLS, ligi yaikulu ya ku America, inalola makalabu kusainitsa mwachindunji anyamata amene awalera okha. Masukulu a mpira a makalabu ambiri a MLS salipiritsa. Development Academy inatsekedwa mu Epulo 2020, malo ake n'kutengedwa ndi MLS Next, ndipo mu 2022 kunabwera MLS Next Pro, ligi ya matimu achiwiri kumene mnyamata wa zaka 16 angasewere ndi abambo. FC Dallas, Philadelphia Union ndi New York Red Bulls ndi amene anatsogola pa ntchito yolera anayi.

Koma kulera mwana n'kumuona akupita ulele kumapweteka. McKennie anakhala zaka zambiri m'sukulu ya mpira ya FC Dallas, anakana kontirakiti imene anamupatsa, n'kupita ku Schalke, ndipo Dallas sinalandire kanthu. Malamulo a FIFA amati kalabu imene yalera wosewera ilipidwe akasaina kontirakiti yake yoyamba kwina, komanso kuti akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya mtengowo igawidwe kwa makalabu onse amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23. Kwa nthawi yaitali ku America malamulo amenewa sankatsatidwa. Kalabu ya achisodzera ya Crossfire Premier ya kufupi ndi Seattle inakadandaula ku FIFA DeAndre Yedlin atagulitsidwa ku Tottenham, ndipo mlanduwo unakoka zaka zingapo. Mu Epulo 2019 MLS inalengeza kuti iyamba kufuna ndalama zimenezi pa ana a m'masukulu ake. Miyezi ingapo m'mbuyomo, mkulu wa ligiyo Don Garber anali atanena poyera kuti MLS iyenera kukhala ligi yogulitsa osewera. Ameneyu ndi Garber yemweyo amene mu 2014 anakangana ndi mphunzitsi wa timu ya dziko Jürgen Klinsmann, Klinsmann atanena kuti Dempsey ndi Michael Bradley adzavutika kusunga msinkhu wa kaseweredwe kawo pobwerera ku MLS kuchokera ku Ulaya.

Kuyambira pamenepo msika unatseguka. Tyler Adams anachoka ku New York Red Bulls kupita ku RB Leipzig mu Januwale 2019. Chris Richards anachoka ku Dallas kupita ku Bayern Munich. Philadelphia inagulitsa Brenden Aaronson ku Salzburg ndi Mark McKenzie ku Genk kumayambiriro kwa 2021. Chaka chomwecho Venezia ya ku Italy inagula Gianluca Busio ndi Tanner Tessmann, Roma inatenga Bryan Reynolds. Tsopano mnyamata wanzeru amayamba wasaina kwawo ali ndi zaka 15 kapena 16, amasewera nyengo ziwiri ndi akuluakulu, kenako n'kuwoloka nyanja ali ndi mtengo pamutu pake.

N'chifukwa chiyani ambiri amayambira ku Germany? Bundesliga ilibe malire a chiwerengero cha osewera ochokera kunja kwa European Union, chilolezo chogwirira ntchito sichivuta, ndipo makalabu ake amapeza phindu pogula ana motchipa, kuwaseweretsa, n'kuwagulitsa modula. Dortmund inalandira ma euro 64 miliyoni kuchokera ku Chelsea mu Januwale 2019 pa Pulisic, mnyamata amene inamutenga ali mwana wasukulu. Ku Spain timu imaloledwa osewera atatu okha akunja kwa European Union, ku France anayi, ndipo kumeneko wosewera wa ku America amawerengedwa mlendo pomwe osewera ochokera m'mayiko ambiri a mu Africa sawerengedwa choncho, chifukwa cha mapangano a zamalonda a pakati pa Ulaya ndi mayiko a kuno. Ku Netherlands kalabu imakakamizidwa kulipira wosewera wakunja malipiro oposa kwambiri amene wosewera wamba wa mu ligiyo amalandira, choncho imangotenga amene ikumukhulupirira ndithu. Ku England chilolezo chogwirira ntchito chakhala chovuta kuyambira kale: Jovan Kirovski anali m'gulu la achisodzera a Manchester United m'zaka za m'ma 1990 koma anakanizidwa chilolezo, n'kupita ku Dortmund mu 1996. Ndipo kuchokera pamene Britain inatuluka mu European Union, kuyambira Januwale 2021, ngakhale pasipoti ya agogo siitsegulanso khomo la England kwa mwana wa zaka 16.

Makalabu a ku Ulaya sagula anyamatawa chifukwa cha mapazi okha. Msika wa ku America ndi waukulu, ndipo wosewera mmodzi wa kumeneko amabweretsa ogula malaya, owonera pa wailesi yakanema ndi makampani otsatsa malonda. Eni makalabu ambiri tsopano ndi a ku America komweko: Chelsea, AC Milan, Roma, Leeds United, Bournemouth. Palinso mabanja a makalabu, monga a Red Bull amene ali ndi matimu ku New York, Salzburg ndi Leipzig, kapena City Football Group imene ili ndi Manchester City ndi New York City FC. Mkati mwa banja lotere wosewera amasunthidwa mosavuta. Nthawi zina zimamukomera, monga zinachitikira Adams, amene anapeza ku Leipzig kaseweredwe kofanana ndi kamene anazolowera ku New York, n'kumwetsa chigoli chimene chinatulutsa Atlético Madrid m'makotafainolo a Champions League mu Ogasiti 2020. Nthawi zina mnyamata amangosanduka katundu wa m'buku la maakaunti.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi ochemerera ambiri. Chithunzi cha mwana atanyamula malaya a kalabu yotchuka, cholembera chili m'manja, chimasangalatsa, koma ndi chikomekome cha mkuyu. Matt Miazga anachoka ku New York Red Bulls kupita ku Chelsea mu Januwale 2016. Anasewera masewero awiri okha a ligi, kenako anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akubwereketsedwa ku Netherlands, France, England, Belgium ndi Spain, mpaka anabwerera ku MLS mu 2022. Reynolds sanapeze malo ku Roma ndipo mpira wake unakatsitsimukira ku Westerlo, kalabu yaing'ono ya ku Belgium. Goloboyi Gabriel Slonina anagulidwa ndi Chelsea mu 2022 ali ndi zaka 18, n'kuyamba moyo wobwereketsedwa. Matt Turner anachoka ku New England Revolution ali goloboyi wodalirika, n'kukakhala pabenchi ku Arsenal. Ngakhale Reyna, amene ambiri ankati luso lake limaposa la onse, anataya nyengo zingapo chifukwa cha kuvulala ndi benchi.

Nkhani ya Ricardo Pepi ndi yoyenera kuiona pafupi. Anakulira kufupi ndi El Paso, pamalire a Mexico, m'banja lolankhula Chisipanishi. Ali ndi zaka 13 anasiya makolo n'kupita ku sukulu ya mpira ya FC Dallas, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000. Mu 2021 anasankha America m'malo mwa Mexico, ndipo pa masewero ake oyamba, ku Honduras mu Sepitembala, timu ili m'mavuto, anamwetsa chigoli cha mutu n'kuthandiza kuti apambane 4-1. Mwezi wotsatira anamwetsa ziwiri pokumana ndi Jamaica. Mu Januwale 2022 Augsburg inamugula ndi madola pafupifupi 20 miliyoni. Koma Augsburg inali timu yolimbana ndi kutuluka mu ligi, yosewera mpira wotchinga, ndipo mnyamata wa zaka 19 ankangothamanga yekha kutsogolo mpira osamufikira. Sanamwetseko ngakhale chigoli chimodzi cha ligi. Anatha pafupifupi chaka osagoletsa paliponse. Atabwereketsedwa ku Groningen ku Netherlands zigoli zinabwerera, 12 mu ligi nyengo imeneyo, koma mphunzitsi wa timu ya America Gregg Berhalter anali atapanga kale chiganizo, ndipo Pepi sanapite ku World Cup ya ku Qatar imene iye mwini anathandiza kuti America ifikeko. Mu 2023 anapita ku PSV Eindhoven, kumene watenga ligi mu 2024 ndi mu 2025. Mnyamatayo anali yemweyo ku Augsburg ndi ku Groningen. Chinasintha ndi timu imene inamuzungulira.

Akale anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo n'zoona, koma Donovan anasonyeza kuti dziwe la kwanu nalonso limalera. Anasaina ku Bayer Leverkusen mu 1999, Article 19 isanabwere, anasowa mtendere, n'kubwerera kukasewera ku San Jose mu 2001. Chaka chotsatira anali mmodzi mwa akatswiri a timu imene inagonjetsa Portugal 3-2 ndi Mexico 2-0 n'kufika makotafainolo a World Cup. Timu imeneyo inali yosakaniza a MLS ndi a ku Ulaya, ndipo mbadwo wa Pulisic unakula ukuyezedwa ndi muyeso umenewo.

Tsiku limene linagwedeza mpira wa ku America ndi la 10 Okutobala 2017, ku Couva, ku Trinidad. Bwalo linali laling'ono, lonyowa ndi mvula, mipando yambiri yopanda anthu. America inkangofunika kulepherana. Inagonja 2-1, chigoli choyamba wotchinga kumbuyo wake atadzimwetsa yekha, ndipo kwa nthawi yoyamba kuchokera mu 1986 inalephera kupita ku World Cup. Chigoli chake chimodzicho anamwetsa ndi Pulisic, ali ndi zaka 19, ndipo oyimbira atathetsa masewero anagwada pansi n'kubisa nkhope m'malaya. Mwezi wotsatira, pa masewero opimana mphamvu ndi Portugal, McKennie ndi Adams anasewera koyamba, McKennie n'kumwetsa chigoli. Timu inaperekedwa m'manja mwa ana.

Poyamba zinkaoneka kuti zonse zikuyenda. Mu Meyi 2021 Pulisic anakhala mwamuna woyamba wa ku America kusewera mu fainolo ya Champions League, n'kutenga chikho ndi Chelsea. Ambiri a ife amene timakonda mpira wa ku England tinamudziwira pamenepo, makamaka chigoli chimene anamwetsa Real Madrid mu semifainolo. Patangotha sabata, ku Denver, America inagonjetsa Mexico 3-2 mu fainolo ya Nations League, mpikisano wa mayiko a m'chigawo chawo, ndipo zigoli anamwetsa ndi Reyna, McKennie ndi Pulisic, onse atatu oleredwa ku Germany. Ku Qatar mu 2022, ndi timu yachiwiri pa kuchepa msinkhu pambuyo pa Ghana, analepherana ndi Wales 1-1 ndi England 0-0, anagonjetsa Iran 1-0, n'kutulutsidwa ndi Netherlands 3-1. Kwa ana, zimenezi zinali zolimbikitsa.

Kenako kunabwera Copa América ya 2024, pakhomo pawo. Anagonjetsa Bolivia, anagonja kwa Panama 2-1 Timothy Weah atapatsidwa khadi lofiira masewero atangoyamba, anagonjanso kwa Uruguay 1-0, n'kutuluka m'ndime ya magulu. Berhalter anachotsedwa ntchito, ndipo mu Sepitembala analowa Mauricio Pochettino. Mu Malichi 2025 anagonjanso kwa Panama ndi kwa Canada. Osewera a Milan, Juventus, Monaco ndi PSV akugonja kwa Panama! Apa anthu anayamba kuona kuti mndandanda wa makalabu si timu. Anyamata ambiri anali pamakalabu akuluakulu koma sanali mizati ya makalabuwo, ndipo m'malo ena, monga pagolo ndi pakati pa otchinga kumbuyo, osewera anali ochepa. Pochettino anayamba kuitana a MLS monga Diego Luna wa Real Salt Lake ndi goloboyi Matt Freese, ndipo ndi gulu lotere anafika fainolo ya Gold Cup ya 2025, imene anagonja kwa Mexico 2-1. Uthenga wake unali womveka: malo m'timu sabwera ndi dzina la kalabu.

Pali chinanso chimene chimalepheretsa timuyi kukhwima. Adani ake a nthawi zonse ndi a m'chigawo cha CONCACAF, cha mayiko a ku North America, Central America ndi Caribbean, ndipo kuchokera pamene Ulaya anayambitsa Nations League yake mu 2018, mpata wosewera masewero opimana mphamvu ndi matimu amphamvu a kumeneko unachepa. Kupatsidwa mwayi wochititsa World Cup ya 2026 pamodzi ndi Mexico ndi Canada kunatanthauzanso kuti panalibe masewero olimbirana malo, aja amene amaphunzitsa mwana kupirira ku San Pedro Sula kapena ku Mexico City. M'matimu a achisodzera namo muli vuto lake: malamulo sakakamiza kalabu kumasula wosewera ku World Cup ya osaposa zaka 20 kapena ku Olympics, choncho mnyamata akamachita bwino ku Ulaya, mphunzitsi wa achisodzera amamuona mwa apo ndi apo. Amuna a America analephera kupita ku Olympics ya 2012, 2016 ndi ya ku Tokyo, ndipo atabwerera mu 2024 anathambitsidwa 4-0 ndi Morocco m'makotafainolo.

Pasipoti yachiwiri ija ili ndi mbali ina. Imatsegula khomo la Ulaya, koma imatsegulanso khomo la timu ya dziko lina. Giuseppe Rossi anabadwira ku New Jersey, anapita ku Parma ali ndi zaka 12, anasankha Italy, ndipo mu 2009 anamwetsa America zigoli ziwiri ku South Africa. Jonathan González ndi Julián Araujo anasankha Mexico. Esmir Bajraktarević, wobadwira ku Wisconsin kwa makolo othawa nkhondo ya ku Bosnia, anasewerako masewero amodzi opimana mphamvu ndi timu yaikulu ya America mu Januwale 2024, chaka chomwecho n'kusamukira ku Bosnia. Masewero opimana mphamvu samanga wosewera, ndipo kuyambira mu 2020 FIFA inafewetsanso malamulo moti ngakhale amene anasewerako masewero ochepa a mpikisano asanakwanitse zaka 21 akhoza kusintha pakapita nthawi. Ine sindingamuweruze mnyamata wosankha dziko la makolo ake. Aliyense amene ali ndi abale ku Johannesburg kapena ku Leeds akudziwa mmene mtima wa mwana wobadwira kunja umagawikira.

America nayo imakolola pamunda umene sinalime. Sergiño Dest anabadwira ku Netherlands n'kuleredwa ndi Ajax. Yunus Musah anabadwira ku New York kwa makolo a ku Ghana, anakulira ku Italy ndi ku England, ndipo anali atasewerera kale achisodzera a England. Folarin Balogun anabadwira ku Brooklyn kwa makolo a ku Nigeria, analeredwa ndi Arsenal, ndipo anasankha America mu Meyi 2023, nyengo imene anamwetsa zigoli 21 mu ligi ya France ndi Reims. Antonee Robinson ndi wa ku England, Malik Tillman wa ku Germany, Johnny Cardoso anakulira ku Brazil. Onsewa ndi nzika zenizeni za America ndipo palibe chowachotsera. Koma pofuna kuyeza ngati America ikudziwa kulera osewera, mayina amenewa tiwaike pambali. Otsalawo ndi amene amatiuza zoona za masukulu a ku Dallas ndi ku Philadelphia.

Kumbali ya amayi mtsinje umayenda mbali zonse ziwiri. Ligi ya amayi ya ku America, NWSL, ndi imodzi mwa zamphamvu padziko lonse, ndipo ndi kumene Temwa Chawinga wathu anakamwetsa zigoli 20 mu 2024 ndi Kansas City Current n'kusankhidwa wosewera wapamwamba, kumenenso Barbra Banda wa ku Zambia anatenga chikho ndi Orlando Pride. Komabe atsikana a ku America nawo ayamba kuwoloka: Lindsey Horan anakana yunivesite n'kupita ku Paris Saint-Germain mu 2012, ndipo mu Januwale 2025 Chelsea inagula Naomi Girma ndi ndalama zoposa madola 1 miliyoni, koyamba m'mbiri ya mpira wa amayi.

Dzina limene aliyense akuliyang'ana tsopano ndi la Cavan Sullivan wa Philadelphia Union. Pa 17 Julayi 2024 analowa m'bwalo mu MLS ali ndi zaka 14 ndi masiku 293, n'kuphwanya mbiri ya Freddy Adu ya wosewera wamng'ono kwambiri mu ligiyo. Kungotchula Adu kuyenera kutipatsa mantha pang'ono. Mwana uja wobadwira ku Tema ku Ghana anasaina ndi D.C. United ali ndi zaka 14, anayamba kusewera mu 2004, anamusenzetsa chiyembekezo cha dziko lonse, anapita ku Benfica mu 2007, kenako anayendayenda m'makalabu oposa khumi m'mayiko osiyanasiyana osakhazikika. Sullivan ali ndi zimene Adu analibe: sukulu ya mpira yomuzungulira, timu yachiwiri yoti azisewerako sabata ndi sabata, ndi mchimwene wake Quinn m'timu yomweyo. Mgwirizano wa Cavan umati adzapita ku Manchester City akadzakwanitsa zaka 18, ndipo tsikulo ndi 28 Sepitembala 2027. Kuchokera pamenepo kufika World Cup ya 2030 ya ku Morocco, Spain ndi Portugal padzakhala zaka zosakwana zitatu, ndipo City ndi kalabu imene ngakhale osewera ogulidwa ndi mamiliyoni ambirimbiri amadikira pabenchi. Ine ndikanakonda zaka zimenezo adzazithere pa kalabu ngati PSV, Salzburg kapena Genk, akuyamba masewero Loweruka lililonse.